Chaka Chimene Bambo Ananyamula Amayi

Kwathu ku Tlalcozpa munthu amadikira mpaka imvi kuti asankhidwe kusunga Amayi a ku Guadalupe, monga timawatchulira Amayi a Mulungu. Ukasankhidwa, nsalu yojambulidwa nkhope yawo imagona m'nyumba mwako chaka chonse. Makandulo umagula ndiwe, nkhukundembo za chikondwerero umapha ndiwe, ndipo pa mdipiti uliwonse woyenda patsogolo ndiwe. Bambo anga, a Tiburcio, anadikira mpaka mano kuyamba kutha. Mwayi wawo unadzafika m'chaka choipa, pamene anthu a ku Mexico anali atanola zikwanje kuti mfumu ya ku Sipeni itichoke pamsana.

Oyendetsa abulu ndiwo anabwera ndi mbiri yoti asilikali a mfumu afika mawa lake. Akuluakulu anasonkhana pa sitolo ya Don Anacleto, mwana wa konkuno amene ankadziona ngati mzungu chifukwa chovala nsapato.

"Tikawachingamire ngati mmene timachingamirira abishopu," anatero Don Anacleto. "Ana, maluwa, ng'oma, makombola, woyera patsogolo. Akaona okha kuti ndife Akhristu omvera."

Mitu yonse inagwedera. Ine ndinali pakhomo ndi mtsuko wa mowa wa khonje, lilime likundiyabwa.

"Woyera wake uti?" ndinafunsa.

"Remigia, tsira mowawo. Mtsuko suyankhula pa bwalo la amuna."

Ndinaugwira mtima mpaka kunyumba.

"Bambo, mwaiwala kodi? Anyamata a m'mapiri akumenyana ndi mfumu atasokera nkhope yomweyi pa zipewa. Mbendera yawo ndi Amayi omwewa. Kaputeni wa asilikaliwo akaiona nsaluyi aganiza chiyani?"

"Aganiza za Amayi a Mulungu. Nayenso ngobatizidwa."

"Pitani kumunsi mukabwereke chifanizo cha Isidoro Woyera. Uja ndi mlimi chabe, ali ndi ting'ombe take tamatabwa. Palibe anaomberedwapo chifukwa cha ng'ombe."

Bambo analavula. Isidoro ndi woyera wa anthu a kumunsi kwa mudzi, amene takhala tikukangana nawo za madzi a m'ngalande chibadwire changa. Womusunga chaka chimenecho anali a Eleuterio.

"Ine ndikagwade kwa Eleuterio? Ayende patsogolo iyeyo, m'chaka changa? Kenako mudzi wonse uziti Tiburcio anabisa Amayi kunsi kwa mphasa ngati chimanga chakuba?"

"Bola akusekeni muli moyo."

"Pakamwa ngati malemu amako. Tachapa malaya angawo."

Ndinatsetsereka ndekha kwa a Eleuterio. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ukawauze atate ako abwere okha, chipewa m'manja, atitsegulirenso ngalande. Isidoro sayenda ndi uthenga wa atsikana."

Amuna a imvi zawo, kulimbirana oyera ngati ana pa chidole.

Kutacha bambo anavala malaya oyera aja, namangirira nsalu pa mtengo wautali. Ana anatsogola ndi maluwa achikasu, azimayi pambuyo akuyimba. Titafika pa mlatho tinaona asilikali atandanda kutsidya, ndipo woyatsa makombola anayatsa, monga timachitira mlendo wolemekezeka akaonekera.

Musamvere anthu amene amati asilikaliwo anadzidzimuka ndi makombola. Ambiri mwa iwo anali ana a dziko lomwe lino, nkhope zofanana ndi zathu, okulira m'phokoso la makombola pa chikondwerero chilichonse. Dzuwa linali pamutu. Maluwa anawaona, ana anawaona. Kaputeni sanafulumire n'komwe. Anayang'anitsitsa nsalu ija, kenako n'kukweza lupanga ngati akukodola wantchito.

Mfuti zitalira koyamba, bambo sanathawe. Anatukula mtengo m'mwamba zedi, manja onse awiri, poganiza kuti mwina mzunguyo sanaone bwino kuti pansalupo pali ndani. Mfuti zitaliranso, ndinaona mtengowo ukupendama pang'onopang'ono. Ndinadzigwetsera m'ngalande yomwe ija, youma gwaa, mwana wa eni ake ali m'khwapa mwanga. Asilikali ataleka kuomba anawoloka mlatho ndi mipeni ya kumfuti, n'kumayenda pakati pa ogona ngati osankha maungu m'munda.

Atachoka ndinawapeza bambo atagona chafufumimba, mtengo ukadali m'manja. A Eleuterio, amene anangobwera kudzaona ngati mdipiti wa anzawo ungapose wawo, anali pomwepo, mutu pafupi ndi phazi la bambo. Chipolopolo sichinafunse kuti woyera wako ndani.

Don Anacleto mwina mukumufuna. M'mawa umenewo m'mimba munamupotokola, anatsala kunyumba. Pofika madzulo anali atachira, akumuthirira kaputeni chokoleti chotentha, kaputeniyo akudzitama kuti wagonjetsa gulu la zigawenga. Zigawenga zake zogweluka mano amkaka, zida zake maluwa.

Titaika maliro, otsala anakumana pa bwalo la tchalitchi, pakuti mwambo umati Amayi sagona opanda wowasunga. Nsalu inali pa benchi, yobookabooka, magazi a bambo ataumira m'mphepete. Amuna omwe aja ankatukwanizana chaka ndi chaka polimbirana ulemuwu, tsiku limenelo anasanduka odzichepetsa.

"Tengani ndinu, achimwene, ndinu wamkulu."

"Ayi, ine denga likudontha, Amayi anganyowe."

"Ine akazi anga sakupeza bwino. Nanga inu, a Don?"

Don Anacleto anayamba kufunafuna chinachake m'thumba.

Ndinadutsa pakati pawo, n'kuipinda nsalu ija, n'kuilowetsa m'malaya.

"Iwe Remigia! Mkazi sasunga Amayi!" anakuwa Don Anacleto.

"Chaka cha bambo anga sichinathe, bwana. Ndikachimaliza ndine, kwa anyamata a zipewa aja. Mukawafuna Amayi mukwere phiri. Nsapato muli nazo."

Palibe anadzuka kudzandilanda.