Maapulo a Pakhoma

Adalaivala anabwera dzuwa lili pamutu, makiyi a basi atawasiya ku ofesi. Kuntchito anawayeza n'kupeza kuti magazi akuthamanga kwambiri. Abwana ananeneratu kuti sagwiranso chiwongolero mpaka zitasintha.

Akazi awo, atelala a pakhonde, anasiya kupalasa makina. Zaka zonsezi anthu ankawatama kuti, "Inu ndiye mumatha kusamala mwamuna, taonani mimbayo!" Komatu mimbayo inali ya tchipisi cha pasiteji, buledi ndi zakumwa zotsekemera, zinthu zotchipa zotseka njala msanga.

M'mawa mwake anapita limodzi kuchipatala. Ali pabenchi, maso a atelala anakodwa pa chithunzi cha pakhoma: maapulo ofiira, mphesa, nsomba yaikulu pambale yoyera. Maganizo anawatenga. Anadziona akukankha kangolo m'sitolo yozizira bwino, nyimbo ikulira chapansipansi, maapulo akugwera okha m'kangolomo, popanda wofunsa mtengo. Ngakhale fungo lake ankalimva.

"Mayi, lowani ndi bambowa," anatero anamwino.

Atamva kuti bambo achepetse thupi ndi kudya zopatsa thanzi, atelala analoza panja, kukhoma la chithunzi kuja.

"Zimenezo ndi za mabwana, anamwino. Ife tizitenga kuti?"

Anamwino anaseka. "Mphesazo ngakhale ine ndimangozionera pakhoma pomwepo. Zoona, zakudya zina zabwino n'zodula, ndipo zamafuta ndi zashuga n'zotchipa. N'chifukwa chake masiku ano opeza movutikira ambiri akunenepa, matenda ali m'kati. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pamsika panu nyemba palibe? Masamba? Zipatso za nyengo yake?"

"Zilipo, koma si ndiwo za tsiku losauka zimenezo?"

"Losauka? Bambo, ndalama ya zakumwa za sabata imodzi ingagule nyemba zingati?"

Adalaivala anakanda m'mutu. "Musandiyalutse pamaso pa mayiwa."

Kuyambira pamenepo atelala ankapita kumsika chakumadzulo, ogulitsa akatsitsa mitengo. Mchere ndi mafuta anachepetsa. Bambo ankamwa mankhwala awo, kumwa madzi ndi kuyenda wapansi m'mawa uliwonse, uku akudandaula kuti asanduka mbuzi yodya masamba. Masiku ena ndalama inkaperewera ndithu, koma nyemba sizinkasowa.

Patapita miyezi, bambo anapita kukayezetsanso. Atelala anakhala pamakina, ulusi ukukana kulowa pasingano. Kenaka kumsewu kunalira hutala, kawiri motalika, kaimbidwe komwe ankakadziwa bwino. Basi inadutsa pang'onopang'ono, dzanja la bambo likukupiza pawindo la dalaivala. Atelala anaimirira, misozi ili mbwee, ndipo anasangalala ngati mtsikana.

"Mwalira chiyani, anzanga?" anafunsa mayi woyandikana nawo.

"Abwerera pantchito. Amwali, mimba si chizindikiro cha kupeza bwino. Chakudya cha thanzi musachifune patali, yambani ndi chomwe thumba lanu lingathe pamsika pomwepa."