Zimene Atelala Anakuwa pa Bwalo la Basiketibolo

Kutatsala mphindi zitatu kuti masewero athe, timu ya m'dera lawo inali kumbuyo ndi mapointi awiri, ndipo mawu a atelala anali atayamba kusasa. Anakhala pa benchi yachiwiri, moyang'anizana ndi mzere wapakati, pambali pa mnzawo wosoka nsapato. Dzuwa linali litatenthetsa simenti ya bwalo, ndipo osewera ankangopukuta thukuta ndi m'mphepete mwa majezi.

Majezi ofiirawo anasoka ndi iwo, n'chifukwa chake ankaona kuti ali ndi ufulu wonena chilichonse. Wina akapatsira mpira mdani, ankamufunsa ngati walembedwa ntchito ku timu inayo. Wina akathamanga mwaulesi, ankamuuza kuti agogo ake akanafika kalekale. Anthu ankaseka, ndipo nthawi zina osewerawo ankamwetulira nawo.

Tsiku limenelo amene ankawapweteka mutu anali Mlongoti, wamtali kuposa onse, yemwe mkati mwa sabata ankakweza katundu m'malole kuseri kwa sitolo yaikulu. Anali ataphonya kasanu ali pansi penipeni pa golo. Kenako wa timu inayo anamukoka dzanja, woimbira n'kuliza wezulo, n'kumupatsa mwayi woponya kawiri popanda womutchinga. Mpira woyamba unagunda chitsulo n'kubwerera. Wachiwiri sunakhudze n'chitsulo chomwe.

Atelala anaimirira.

"Iwe Mlongoti, bwanji zonse zikungokupulumuka m'manja? Mpira nawo wakuthawa ngati mkazi wako?"

Anadikira kuti anthu aseke, koma palibe anaseka. Mayi wina amene ankamwa madzi anatsala botolo lili pakamwa. Ngakhale osewera a timu inayo anayang'anana. Mlongoti anaima kanthawi atayang'ana pansi, kenako anavula jezi pang'onopang'ono, naipinda bwinobwino, nayenda mpaka pa benchi yachiwiri.

"Munasoka ndinu, bambo. Tengani."

Anaiika pamiyendo pawo, idakali yonyowa, natuluka pageti ali chifuwa pamtunda. Kochi anamuthamangira, koma anabwerera yekha. Timu inagonja ndi mapointi asanu ndi atatu, ndipo atelala sanaone n'mpira umodzi womwe wa mphindi zotsalazo.

Pobwerera, wosoka nsapato anayesa kuwalimbitsa mtima. Anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo sapota wongoomba m'manja ngakhale timu ikusewera zopusa ndiye amene amaipha. Anati anyamata a masiku ano ndi ofewa ngati thonje, ukangowakhudza basi misozi. Atelala ankangogwedeza mutu, jezi ili kukhwapa.

Kunyumba anapeza nkhani itawatsogolera. Wina anali atajambula kanema pa foni, ndipo akazi awo anali ataonera kale katatu. Anawalandira ali chikhalire patebulo, foni ili chafufumimba.

"Zoti mkazi wa mwana uja anachoka, inu munazimva kuti? Ine dzana lomweli ndinaona nsalu zake zili pachingwe."

Apo m'pamene atelala anazindikira zimene anachita. Anakhala pampando wapafupi. Masabata awiri apitawo Mlongoti anabwera ku shopu kudzachepetsetsa mathalauza awiri. Atelala pomuyeza m'chiuno anamuseka kuti akuonda ngati akudya mphepo. Mnyamatayo anatseka chitseko, nawauza motsitsa mawu kuti anakangana ndi mkazi wake, ndipo mkaziyo anapita kwa mchimwene wake ndi mwana. Palibe ankadziwa, ngakhale anzake a mu timu. Zovala za mkaziyo ankazichapa yekha n'kuziyanika panja kuti oyandikana nawo asadabwe. Anawauza iwo chifukwa anali munthu wamkulu, ndiponso bambo ake enieni anamwalira kale.

Atelala atamaliza kufotokoza zimenezi, akazi awo anati:

"Ine mkazi wanu simunandiuze. Munasunga bwino ndithu. Ndiye mwakauza bwalo lonse."

Atelala anati zinangotuluka, sanaganize, mtima unali pa mpira. Akazi awo anayankha kuti mpira ulibe makutu, amene anamva ndi anthu. Anawafunsa ngati angakonde kuti kasitomala aziima kumbuyo kwa makina awo n'kumakuwa ulusi ukaduka, kenako n'kuyamba kutchula za kuchipinda kwawo.

Lolemba shopu inadzaza, koma obwera ndi nsalu anali awiri okha. Ena onse anabwera ndi pakamwa. Wosoka nsapato, amene tebulo lake linali pakhonde lomwelo, anaumirira kuti wosewera akalowa m'bwalo wavomera kunenedwa. Wometa tsitsi wa pafupi anati m'nyumba mukapsa ndiwo simuitana a mumsewu kuti adzanunkhize, ndipo timu yako umaidzudzula kuseri, osati pamaso pa adani. Wina anati vuto ndi kochi, wina anati vuto ndi mafoni. Atelala ankangopalasa makina osatukula mutu, mpaka anazindikira kuti thumba la malaya a yunifolomu alisokera mkati, kukamwa kwake kutayang'ana pansi. Zaka makumi atatu akusoka, zoterezi zinali zisanawachitikirepo. Anadula ulusi, nauza anthuwo kuti akutseka.

Anamupeza Mlongoti kuseri kwa sitolo nthawi yopuma masana, atakhala pa mulu wa matabwa, chakudya chili pambali chosatsegula. Ataona atelala anaimirira monga mwa ulemu wake wa masiku onse, ndipo zimenezo zinawapweteka kuposa akanawatukwana. Atelala anapepesa mwachibwibwi, natulutsa jezi yochapa ndi yosita. Mnyamatayo sanaitenge.

"Zoti ndikuphonya, nenani, bambo. Nanenso ndimaona, maso ndili nawo. Chaka chatha munanditcha mtengo wa magetsi wopanda waya, ndinaseka mpaka kunyumba. Tsiku lina munakuwa kuti ndipinde mawondo poponya, ndinapinda, zinathandiza. Koma zija sizinali za mpira."

Atelala anavomera kuti sizinali za mpira.

Mlongoti anawauza kuti mlamu wake, mchimwene wa mkaziyo, anali pabwalo Loweruka. Mlongotiyo ndi amene anamuitana, pofuna kuti akatha masewero akambirane, chifukwa akuluakulu a mbali zonse anali atagwirizana zokumana Lamlungu. Mlamuyo anamva zonse. Madzulo omwewo anaimba foni n'kunena kuti kukumanako kwalephereka, popeza Mlongoti akuyenda m'mashopu kulengeza kuti mlongo wake ndi mkazi wothawa banja. Mkaziyo naye anaonera kanema uja kuntchito kwake, anzake atamuzungulira. Kuyambira pamenepo sakuyankha foni.

Atelala anayang'ana jezi imene inali m'manja mwawo. Iwo ankaganiza kuti aononga masewero amodzi.

"Ndinkaphonya chifukwa ndinkangoyang'ana komwe anakhala alamu," anatero Mlongoti. "Ndinkafuna aone kuti ndine munthu."

Belu la kuntchito linalira. Atelala anafunsa komwe mlamuyo amagwira ntchito. Mnyamatayo anazengereza, kenako anatchula galaja ina ya kutsidya kwa njanji.

Mlamuyo anali makaniko wamfupi, wa imvi zochepa m'ndevu. Anawazindikira atelala asanadzitchule, ndipo anawasiya ataima padzuwa mpaka atamaliza kumanga tayala. Kenako anapukuta manja ndi kansanza, nawalozera chigubu chakale kuti akhalepo.

Atelala anafotokoza zonse kuyambira pa mathalauza. Anati mnyamatayo sanauze wina aliyense koma iwo, ndipo anawauza chitseko chili chotseka, misozi ili m'maso. Mnyamatayo sananene n'kamodzi komwe kuti mkazi wake wathawa. Ananena kuti wolakwa ndi iye, kuti anamulankhula mkaziyo mawu oipa ndipo akufuna abwerere. Liwu loti kuthawa linali lawo atelala, analipeka pomwepo pofuna kuseketsa anthu.

Makanikoyo anamvetsera osawadula. Iwo atatha, iye anapukusa mutu.

"Munthu wamkulu ngati inu. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wanuwu wakafika mpaka kuntchito kwa mlongo wanga."

Anati iye akhoza kukhulupirira, koma wonyozedwa si iye. Mlongo wake ndiye ayenera kumva zimenezi, kuchokera pakamwa pomwe panatuluka zinazo, pamaso pa akuluakulu a mbali zonse. Ngati akana kubwerera, akana, palibe amene amukakamize. Anatulutsa foni, nalankhula ndi munthu wina chapatali, nabwerera.

"Onse angapezeke Loweruka lokha, nthawi ya 3 koloko masana, kunyumba kwanga."

Atelala ankadziwa bwino za Loweruka nthawi imeneyo. Anali masewero otsiriza a chaka, oti timu ikagonja itsika gulu, ndipo chiyambire timuyo iwo anali asanajombepo ngakhale akudwala. Makanikoyo nayenso ankadziwa, chifukwa ankawayang'ana m'maso osaphethira.

"Ndilozereni njira ya kunyumbako," anatero atelala.

Makanikoyo anang'amba chidutswa cha katoni, najambulapo msewu ndi cholembera chamafutamafuta. Atelala anachilandira ndi manja awiri.