Tsiku Limene Lole ya Che Abasi Inakana Kulira

Ku Kasakula kunali lole imodzi yokha, ya Che Abasi a pa golosale. Ndiye chikondwerero cha ufulu cha 1978 chitayandikira, a Andireya, tcheyamani wa chipani m'deralo, sanachite kupempha. Anangolamula kuti loleyo idzanyamule amayi ovina kupita nawo ku boma ku Ntchisi, ndipo idzanyamuke dzuwa likamatuluka.

Masiku amenewo galimoto ikafa pa tsiku la chipani, mlandu sunali wa galimoto. Ankati mwini wake ndi woukira, ndipo oukira ankapita osatsanzika. Che Abasi, munthu wamantha kuyambira kale, anaganiza zoonetsa kukhulupirika kwawo. Anagula penti wobiriwira n'kupaka lole yonse. Wotsalayo anachita naye chisoni kumutaya, choncho anatsegula boneti, anamasula timawaya, n'kupaka injini yonse mpaka mabawuti omwe. Kuwala ndiye inawala. Anthu ankabwera kudzaionera ngati mkwatibwi, ndipo inagona pa bwalo la sukulu kuti amayi aimangirire mbendera.

M'mawa wa tsikulo kunazizira koopsa, chisanu cha Julaye cholowa m'mafupa. Amayi anakwera atavala nsalu zofanana, nyimbo ili pakamwa. Che Abasi anapotoza kiyi. Injini inazungulira, kumbuyo kunatuluka utsi woyera, koma kulira ayi. Anayesanso, zomwezo. Bwalolo linali lathyathyathya, lamchenga, popanda ndi mtsetse womwe woti n'kuikankhira.

Nyimbo inatha yokha.

"Che Abasi," anatero a Andireya akuyang'ana wotchi, "lole imeneyi dzana imanyamula fodya bwinobwino. Lero yadziwa bwanji kuti ndi la chipani?"

Akazi a Che Abasi, a Hajara, anachoka mwakachetechete. Pobwera anali ndi bulangete lomanga ndi chingwe, m'kati muli sopo. Aliyense anadziwa tanthauzo lake, chifukwa ndi katundu amene mkazi ankamangira mwamuna wotengedwa.

Ndi pamene anatulukira a Elifala, makaniko a pa chigayo, atamva injini ikuvutika.

"Lekani kupotoza, mumaliza batire," anatero. "Kawaya aka ka pafupi ndi chiwongolero kakufiira mukayatsa mahita?"

"Sikakufiira, achimwene."

"Ndiye nkhani ili pomwepo. Dizilo sayaka m'nyumba yozizira. Mahita ndi amene amayamba atenthetsa m'kati mwa injini, ndipo anu agona."

Anatulutsa babu womangirira mawaya awiri. Anafotokoza kuti pa malole akalewa moto umachoka ku batire n'kudutsa hita iliyonse motsatana, kenako n'kutsikira m'chitsulo cha injini. Pakaduka pamodzi, onse amazima. Kuti ayeze, waya mmodzi anayenera kugunda chitsulo chosapaka kanthu. Anafunafuna poti agunditse, koma paliponse panali penti. Anachita kukanda ndi mpeni, uku akupukusa mutu.

Hita yoyamba, babu anayaka. Yachiwiri, anayaka. Mpaka yomaliza, anayakabe.

"Moto ukufika konse," anatero a Elifala, "koma ukusowa potulukira."

Anatsata kawaya kochoka pa hita yomaliza kukafika pa bawuti ya pa injini. Anaimasula ndi sipanala. Pansi pake panali penti wokhuthala ngati phala, kawayako mbali zonse penti, bawutiyo nayo penti.

"Wachita dala ameneyu ndani?" anafunsa a Andireya.

"Ndine ndinapaka," anayankha Che Abasi. "Ndimati ikafike ku boma ikuwala."

A Elifala anapala pentiyo mpaka chitsulo chinaoneka mbee, n'kumanganso bawuti ija zolimba.

"Pano palibe woukira, a Tcheyamani," anatero akupukuta mpeni pa buluku. "Ndi ulemu unachuluka. Ndaupalako pang'ono kuti moto udutse."

Mayi wina pamwamba pa lole anaphulika nako kuseka, anzake n'kumutsatira. A Andireya anayesa kulimbitsa nkhope, koma milomo inawakanika.

Batire inali itafooka, yongokwanira kuyesa kamodzi. Che Abasi anayatsa mahita n'kudikira, maso ali pa kawaya ka pafupi ndi chiwongolero kaja. Kanayamba kuda, kenako kanafiira ngati khala. Anatchula dzina la Mulungu n'kupotoza kiyi. Injini inatsokomola kawiri, ndipo inalira mpaka mbendera zonse zinagwedezeka. Nthungululu zinamveka mpaka ku msika.

"Tiyeni, tachedwa," anatero a Andireya akukwera kutsogolo. "Koma chaka chamawa mudzapake kunja kokha."

Lole itayamba kuyenda, a Hajara anamasula chingwe chija n'kuponyera bulangetelo amayi a pamwamba kuti afunde, poti ku mapiri kumazizira. Sopoyo anabwerera naye kunyumba.