Chithunzi cha Woluka Malichero

"Dzungu!" anakuwa Gilibati, akumenyetsa kabuku kaja pabondo. "Amwene, nthawi yonseyi timamvera pa wailesi mitima ili m'mwamba, kumayesa mpira wake ndi wa moto. Lero akutiuza kuti ndi dzungu!"

Anthu onse amene anali m'shedi yometera ya Efulemu, pa msika wa Mitundu, anafa nacho chiseko.

Sewero la pa wailesi limene ankanenalo linali la ana a sukulu ya matsenga, osewera mpira m'mwamba atakwera malichero. Inali nthano yopeka chabe, koma amuna a m'shedimo sankaliphonya, ndipo ankakangana za ilo ngati za mpira weniweni. Eni sewerolo anatulutsa kabuku ka malamulo a masewerawo, nanena kuti zonse zopezekapo zigulire ufa wa phala m'sukulu za mkomba phala za ana amasiye. Zipora, mayi amene ankaphika phala pa imodzi ya sukuluzo, ndiye anabweretsa katoni ya timabukuto kwa Efulemu kuti azigulitsa. Tsikulo anaima pakhomo, akumva zonse.

"Kupyapyala kwakenso!" anatero Efulemu, makina ometera ali m'manja. "Ndikakatchinga kumaso ndikukuonanibe, a Gili, ndi dazi lanu lomwe."

"Tamverani ili," anapitiriza Gilibati. "Akuti kugwira lichero la mnzako ndi mlandu. Nanga ngwazi yathu Kamvuluvulu sanakoke la mdani wake pa mpikisano waukulu uja? Olembawa amamvera sewero lawo lomwe, kapena amagona?"

"A Gilibati," anatero Zipora mofatsa, "kabukuka sikanabwere kudzakusangalatsani inu. Ndi ka phala la ana."

"Mlongo, mukanangobwera ndi mbale, tikanaponyamo. Koma kutigulitsa zinyalala zovekedwa malaya a chifundo, ayi." Anatembenuza tsamba, n'kudzidzimuka. "Iii! Awa si bambo anu awa?"

Onse anaunjikana. Pa tsamba la pakati panali chithunzi cha a Jeremiya, bambo ake a Zipora, atakhala pa mphasa akuluka lichero, akumwetulira. Pansi pake panalembedwa kuti: Mmisiri amene amalukira osewera athu malichero ouluka.

Zipora anali asanawerenge mawuwo. Mnyamata wa ku tauni wokonza kabukuko anapempha kujambula munthu woluka malichero, ndipo iye anamutengera kwa bambo ake ku Nathenje, poganiza kuti malonda awo atchuka.

"Kani makaniko wa timu ali pompano!" anatero Gilibati, misozi ya chiseko ikutsika. Anatulutsa foni, n'kujambula tsambalo. "Anzathu pa gulu la pa foni aone manyazi a kabuku kameneka."

Malembo sanama ponena za lilime, kuti kanthu kakang'ono kamayatsa nkhalango. Masiku ano lilimelo lili ndi foni. Chithunzi chija chinachoka pa gulu la okonda sewero, n'kuyenda chokhachokha, chopanda buku, chopanda wailesi, mpaka chinafika kwa anthu amene sanamvepo za Kamvuluvulu. Iwo anaona nkhalamba imene ankaidziwa, lichero m'manja, ndi mawu akuti ouluka.

Tsiku la msika ku Nathenje, Zipora anapeza bambo ake atakhala pakati pa malichero awo, palibe ndi limodzi lomwe lochoka. Amayi ankadutsa patali, akukoka ana awo. Maness, wogulitsa tomato, amene malichero ake onse anali a a Jeremiya, anamukodola ndi maso.

"Anzanga, ine bambo anu ndimawadziwa. Ndi munthu wa Mulungu, nanenso ndimatero. Koma zalembedwa, ndipo ndi makina, si pamanja."

"Ndi sewero, a Maness! Nthano ya pa wailesi!"

"Nthano yokhala ndi nkhope ya munthu? Kumudzi kwawo mwana wina wakhala akudwala mutu, ndipo anthu ayamba kunong'ona. Muwauze asamayende okha."

Zipora ankadziwa zimene zimachitikira nkhalamba ikalozedwa chala chotere. A Jeremiya anangomuyang'ana, nati, "Mwana wanga, kodi ndawalakwira chiyani anthuwa? Ngakhale moni akundiyankha ndi mphuno."

M'mawa mwake anabwerera ku Mitundu. Anapeza a m'shedi akunyozabe kabuku kaja, tsopano chifukwa chosatchula amene anapambana chikho choyamba.

"A Gilibati, ndabwera kudzapempha. Chithunzi chija munatumiza chawaika bambo anga pamoto. Tiyeni limodzi ku Nathenje, inu ndi a Efulemu. Mukanene pamaso pa anthu kuti ndi sewero, kuti mumalimvera, kuti malichero ouluka ndi opeka. Inu akumverani, ndinu amuna odziwika."

Gilibati anakanda dazi.

"Ine? Ndikaime pa msika kunena kuti ndimamvera za ana okwera malichero? Mlongo, ine ndili m'komiti ya kumpingo. Abusa akamva bwanji?"

"Nanga sabata ndi sabata mumamvera chiyani muno?"

"Kumeneko ndi kucheza. Za m'shedi zimathera m'shedi."

"Chithunzicho chinathera m'shedi?"

"Wolakwa ndi wolemba kabuku kopusaka," anatero Efulemu, osamuyang'ana. "Ife tinanena kale kuti n'kachabe. Madzi akatayika saoleka, mayi."

Zipora anawayang'ana mmodzimmodzi, amuna otha kukangana tsiku lonse za lamulo la mpira wa dzungu, koma osowa mawu amodzi onenera munthu wamoyo. Anatenga lezala latsopano pa tebulo la Efulemu, anakhala pansi pambali pa katoni, n'kuyamba kudula tsamba la pakati m'kabuku kalikonse. Timabuku sanatichotse, poti ana aja anayenerabe kudya.

"Basi mwakamaliza," anang'ung'udza Gilibati. "Tsamba lokhalo ndilo linali ndi mchere."

Palibe anaseka.

Sabata yomweyo kumudzi kwa a Jeremiya kunagwa maliro a mayi wina wokalamba amene anadwala nthawi yaitali. Kumeneko, bokosi likamatuluka m'nyumba ya siwa, woyambitsa nyimbo ankakhala a Jeremiya, ndipo zinali choncho kuyambira Zipora ali mwana. Iye anawapeza akuvala jekete.

"Ababa, lero musapite. Mukapita, mukangokhala chete kumbuyo."

"Ndikabisala ndiye kuti ndavomera," anatero a Jeremiya. "Malemuwa tinabatizidwa tsiku limodzi. Apite opanda nyimbo chifukwa cha kapepala?"

Pa maliropo amuna anasuntha pang'ono pamene a Jeremiya anakhala, n'kusiya malo a munthu mbali zonse ziwiri. Ulaliki utatha, adzukulu analowa m'nyumba, natuluka ndi bokosi pamapewa. A Jeremiya anaimirira, anavula chipewa, nakweza mawu awo okalambawo kuyamba mzere woyamba.

Palibe anavomera.

Mzerewo unathera m'malere. Kunamveka mwana akulira kuseri kwa nkhokwe. Amayi a mvano anazolika. Amuna ankayang'ana nsapato zawo. A Jeremiya anauyambanso.

Zipora sanali woimba. Ku kwaya anamubweza kalekale, ati amasocheretsa anzake. Koma anaimirira pakati pa amayi, namanga chitenje, n'kuvomera mzerewo ndi mawu ake osalongosokawo. Wina anamukoka chitenje kuti akhale pansi. Iye sanatembenuke.

Bambo anayamba mzere wachiwiri, mwana anavomera. Anatsogolera bokosi awiriwo, njira ya kumanda ili yaitali, dzuwa likuswa mtengo, khamu likubwera pambuyo lili duu. Sanadumphe ndime, sanafulumize. Ndipo adzukulu, amene poyamba ankayenda mothamanga ngati ofuna kuthawa nyimboyo, anachepetsa liwiro, mapazi awo n'kuyamba kuponda motsata mawu a nkhalambayo mpaka kukafika kumanda.