Makala a Anapiye a Azakhali

Mirriam atabwera ku holide kuchokera ku koleji kumene ankaphunzira za uinjiniya, anapeza azakhali ake, a Tisiyenji, atamanga kakhola kuseri kwa nyumba yawo ku Nsaru. Ankafuna kuyamba kuweta nkhuku, koma unali mwezi wa Juni ndipo kunja kunkazizira. Anamupempha kuti, popeza kusukuluko amaphunzira za kutentha, awawerengere makala amene angafunike kuti anapiye asafe ndi chisanu.

Mirriam anayeza kholalo ndi chingwe, n'kupeza kuti mpweya wa m'katimo ukulemera makilogalamu 14. Ankadziwa kuti kilogalamu imodzi ya mpweya imafuna mphamvu ya kilojulo imodzi kuti itenthe ndi digiri imodzi. Koma powerengera pafoni, uku akuswa mtedza ndi kucheza, analemba kulemerako m'magalamu monga anazolowera kukalasi, 14,000, n'kuchulukitsa ndi madigiri 15 amene ankafuna kuwonjezera pa kutentha kwa m'kholamo. Yankho linasonyeza kuti kutenthetsa mpweyawo kamodzi kokha kukufuna makilogalamu asanu ndi awiri a makala. Poti mpweya umalowa ndi kutuluka, iye anati pafunika matumba anayi patsiku.

"Matumba anayi?" anafunsa azakhaliwo. "Kodi tikuweta nkhuku kapena tikuwotcha njerwa?"

Komabe a Tisiyenji sanali munthu wobwerera m'mbuyo, ndipo mwana wa mchimwene wawoyo ankamukhulupirira. Madzulo omwewo anaimbira foni a Goliati, ogulitsa makala a ku Kabudula, kuti abwere ndi ngolo yodzaza.

M'mawa mwake Mirriam ali pakabaza kupita kumsika, nkhaniyo inayamba kumuvuta mumtima. Makala ochuluka chotero angawiritse madzi odzaza m'mgolo, nanga kampweya ka m'khola kangawathe bwanji? Anatulutsa foni, n'kuona kuti nambala ina inali ya makilogalamu pamene inzake inali ya magalamu. Atakonza, makilogalamu asanu ndi awiri aja anasanduka magalamu asanu ndi awiri, kachidutswa kamodzi kokha ka khala. Anauza wakabazayo kuti atembenuke.

Anapeza ngolo itafika kale, ng'ombe zikudya mapesi, a Goliati akutsitsa thumba lachitatu. Mirriam anafotokoza zonse mwamanyazi, nawonjeza kuti mpweya wokha sufuna moto wambiri, chimene chimadya makala ndi kutentha kothawira m'ming'alu ya zipupa ndi kudenga. Mbaula imodzi ikwana, bola atseke mipata.

A Goliati anapukuta thukuta.

"Ndiye ng'ombe zangazi zabwera kudzangoona Nsaru, eti?"

A Tisiyenji anaseka mpaka kukhala pansi. Anatenga thumba limodzi, ena anagulidwa ndi anansi amene anabwera kudzaonerera. A Goliati anati poti afika kale, athandize kukhoma masaka m'zipupa za kholalo, ndipo anachoka atalonjezedwa tambala woyamba kukula.