Dothi Lalavula Feteleza

Celestina anamva dzina lake likuitanidwa mwaukali ali chiweramire mumpunga. Anali bambo Howard, mwini dziwe la nsomba kumunsi kwa dambo, akubwera chothamanga ndi chidebe m'manja. Atafika anakhuthula makumba akufa pamapazi pake.

"Mwathira katupe, mayi inu! Taonani nsomba zanga!"

Mlandu wa katupe, mankhwala ophera nsomba, si wocheza, makamaka kwa munthu wothawa nkhondo ngati Celestina. Dimbalo anachita kubwereka kwa a Mwanamvua chaka chimene anaoloka malire kuchokera ku Mandimba, ndipo ufa wa chithandizo ukachedwa, ana ake atatu ankadya za momwemo.

Pofika anapeza dambo la matope akuda, lonjenjemera ukaponda. Anakumba ngalande, madzi anatuluka, nadzala chimanga. Zaka zitatu anathiramo feteleza osaumira, koma dothi linkangouma ngati phulusa, masamba a chimanga n'kumafiira. Chaka chachinayi anatopa nazo. Anatseka ngalande ndi matope, madzi anabwerera, iye n'kuwokera mpunga. Pasanathe mwezi madziwo anadzaza ndere, ndipo osefukira ankatsikira m'dziwe la bambo Howard.

Phokoso linakoka a Mwanamvua, omwe anatulukira akumanga mpango kumutu.

"Dimba ndinakubwerekani kuti mudye, osati mundidanitse ndi anansi. Ngati ndi katupe, lero lomwe mutuluke."

Celestina anatunga madzi ndi manja awiri nawaonetsa. Mbululu zinkasambira m'manja mwakemo.

"Katupe wanji wosiya mbululu, amayi?"

"Ndiye nsomba zanga zafa ndi chimfine?" anafunsa bambo Howard.

"Zabanika ndi ndere, bambo. Feteleza yense uja chimanga sichinadye, dothi linangomeza. Madzi abwerera, dothi lalavula. Ndere ikudya, mpunga ukudya. Taonani nokha, chaka chino sindinathiremo ngakhale kadzanja kamodzi!"

Onse anatembenukira kumpunga. Unali wobiriwira bii, wonenepa, wofika m'maondo. Celestina analoza mpungawo kuti adzipulumutse, ndipo mlandu wa katupe unatheradi pomwepo.

"Basi gumulani chotsekeracho," anatero bambo Howard, mawu atatsika.

"Ndikagumula, madzi onsewa athamangira kwanu tsiku limodzi. Madzi saiwala khwawa."

Bambo Howard anadzikanda m'mutu. Pomaliza anagwirizana zokumba ngalande ina mawa lake, yolambalala dziwe n'kukataya madzi kumabango. Bambowo anatola makumba awo, kusiyapo awiri mwina mwa manyazi, n'kutsetsereka.

Koma a Mwanamvua sanachoke. Ankayenda m'mphepete mwa dimba, kugwira tsamba ili, kugwira lija, maso ali pa mpunga.

"Walahi, dambo langa lomwe lija linkakana chimanga?" Kenako anatembenukira kwa Celestina. "Paja ndamva kuti magalimoto obwezera anthu kwanu ayamba kunyamula kumalire ku Chiponde."

"Ine sindinalembetse, amayi. Kwathu kulibe amene anatsala."

"Mlendo ndi mame, mwanangu. Kololani mpunga wanuwu mwaufulu, palibe akuvuteni. Chaka chamawa alima mwana wanga Dinala, nayenso ali ndi ana."

Celestina anafuna kunena za zaka zitatu zija, za matumba a feteleza amene anasenza pamutu kuchokera kumsewu. Koma anangoti, "Zikomo, amayi," chifukwa wobwereka sakhala ndi mawu ena.

A Mwanamvua atapita, anayesa kubwerera kozula udzu, koma sanapitirize. Anakhala pansi, anaimirira, anayang'ana chotsekera chija. Khasu limodzi lokha likanagumula zonse, dambo n'kubwerera kuphulusa lake. Koma mpungawo unali chakudya cha ana ake.

Ananyamula khasu n'kukayamba yekha ngalande ya bambo Howard, osadikira mawa. Khasu linkalowa mosavuta. Dothi linali litafewa, lakuda, lachonde kuposa tsiku lililonse limene analilimapo.