Satifiketi ya Achimwene

Mzime analowa koleji ya zamagetsi ndi makompyuta tsiku limodzi ndi achimwene ake aakulu. Iye anali atangomaliza kumene sekondale, fungo la choko likadali m'mphuno. Achimwenewo anachokera pakabenchi kawo ka pakhonde la sitolo ya nsapato, pomwe anakalambirapo akukonza mafoni ndi mawailesi. Anthu ankawatchula kuti a Mtovu, chifukwa zala zawo zinkanunkha mtovu wowotcherera mawaya ngakhale atasamba ndi sopo wamtundu wanji. Ntchito ankaidziwa, koma kulikonse komwe ankapita kukafunsira ya pamwezi ankauzidwa mawu amodzimodzi: tionetseni pepala.

Chimene sanachiyembekezere kukolejiko chinali Chingerezi. Sichinali chija chopatsirana moni pamsewu, koma cha m'mabuku a malangizo, cha pazikwangwani zochenjeza, cha malipoti. Wolephera phunziro limeneli sankaloledwa kupita kukaphunzira ntchito m'makampani, ngakhale akhale katswiri wotani.

Ankawaphunzitsa anali mayi wina wowonda, wamawu osasa, amene ophunzira anam'patsa dzina loti Abwerezani. Munthu ukawerenga, iwo amvekere, "Bwerezani." Ukabwereza, "Bwerezaninso." Chipinda chawo chinali chotentha ngati uvuni, fani ya kudenga inafa kalekale, ndipo ophunzira ankathithikana mpaka ena kukhala pamawindo.

"Mawu akuluakulu sindidandaula nawo," anatero Abwerezani tsiku lina. "Kapasita, rezisita, amenewo mumawadziwa kuposa ine. Amene ndikufuna muwaope ndi timawu iti." Analemba pabolodi timawu tatifupi, unless, until, both, n'kutizunguliza ndi choko. "Timaoneka ngati zinyalala za m'chiganizo, koma ndi timene timakuuza ngati ugwire kapena usagwire. Bambo apakonapo, tatiwerengereni ndime yoyamba."

A Mtovu anaimirira ndi buku la malangizo. Mayina a zipangizo ankawatchula bwinobwino, ngati akuitana ana awo. Koma pakati pa mayinawo ankapunthwa, kubwerera, kudumpha.

"Bwerezani."

Anabwereza. Thukuta linayenderera m'khosi mpaka kolala inada.

"Agogo aiwala magalasi!" anakuwa wina kumbuyo, kalasi yonse n'kufa nacho chikhakhali.

A Mtovu anaseka nawo, poti akanatani? Koma kuyambira tsiku limenelo anasamukira kumpando wakumbuyo.

Abwerezani sanali munthu woipa mtima. Anawaitana a Mtovu kuti azibwera akaweruka kuti aziwathandiza paokha. Anapitako kangapo, kenako anasiya, chifukwa madzulo ndi pamene makasitomala ankawadikira kubenchi, ndipo benchi ija ndi imene inkadyetsa nyumba yonse. Mzime anayesa kuwaphunzitsa kunyumba, patebulo lodyera, amayi awo akusita pambali.

"Achimwene, kamawu aka kakutanthauza kuti pokhapokha. Musatsegule pokhapokha nyali itazima."

"Nanga osangolemba choncho bwanji?"

"Ndiye alembatu choncho."

"Iwe, mutu wangawu unadzaza mawaya. Mulibenso malo."

Mzime nayenso anali ndi mtanda wake. Chingerezi ankachimwa ngati madzi, mapulogalamu a pakompyuta ankawamva msanga, koma akagwira chowotcherera dzanja linkachita ngati la eni. Mphunzitsi wa ku wekishopu ananyamula kabolodi kake kolumikizapo mawaya pamaso pa onse n'kufunsa ngati nkhuku inadutsapo, poti mtovu unali mbwee ngati zitosi.

Anayambitsa nkhaniyo ndi achimwene. Anali akutembenuza kabolodi komweko m'manja, akupukusa mutu.

"Chala chimodzi sichiswa nsabwe, mlongo wanga. Iwe uli ndi pakamwa, ine ndili ndi manja. Bwanji tizingothandizana?"

Zinayamba choncho. Ntchito za kunyumba za Chingerezi Mzime ankalemba ziwiri, ina n'kuikamo dala zolakwika pang'ono. Mabolodi ake ankapita kubenchi madzulo, m'mawa n'kubwera akuwala ngati a kufakitale. Palibe anafunsa. Ophunzira anali ochuluka, aphunzitsi anali otopa.

Kenako anafika mayeso aakulu a Chingerezi cha chitetezo pantchito, amene ankalembedwa pakompyuta, gulu lina m'mawa, lina masana. Mzime analemba ake m'mawa. Masana analowanso atavala chipewa, n'kulowetsa nambala ya achimwene ake. Woyang'anira anali pafoni yake. Chifukwa cha mantha anaiwala zoikamo zolakwika. Anangoyankha zonse mmene ankazidziwira, n'kutuluka.

Zotsatira zitatuluka, Abwerezani anawaimitsa a Mtovu pakhonde n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri.

"Bambo, mwandisangalatsa. Ndinkaopa kuti ndakutayani."

"Ndi khama chabe, madamu," anayankha a Mtovu akuyang'ana pansi.

Mzime anali pambali. Chikumbumtima chinamuvuta, koma madzulo ake atawaona amayi akuvina m'khitchini ndi satifiketi ya achimwene ya mayesowo m'manja, chinamusiya.

Nthawi yopita m'makampani itakwana, Mzime anatumizidwa ku ofesi ina kukathandiza pa makompyuta. Achimwene anapita ku kampani yoika ndi kukonza makina osunga magetsi, aja amene amayatsa nyumba zikuluzikulu magetsi akathima. Ankabwera kunyumba atavala ovolosi yatsopano, akusimba za makabati achitsulo aatali kuposa munthu. Anali asanasangalalepo chonchi. Ngakhale kuyenda kwawo kunasintha.

Foni inalira masana ena Mzime akulumikiza pulinta. Anali amayi, ndipo mawu sankamveka, kunkangomveka kulira ndi dzina la chipatala.

Anawapeza achimwene atagona chagada, dzanja lamanja litakulungidwa mabandeji mpaka m'chigongono, nsidze zitapserera. Kapitawo wa kukampani, bambo wamfupi wa maso ofiira, anali ataima pakhomo la wodi akupotokola chipewa chake. Ndi iye amene anafotokoza. Anali m'chipinda chapansi cha nyumba ina ya maofesi. Iye anakwera masitepe kupita kugalimoto kukatenga chida, n'kuwauza a Mtovu kuti ayambe kukonzekera. A Mtovu anazimitsa swichi yaikulu ya pakhoma, n'kutsegula kabati, n'kulowetsa dzanja ndi sipanala. Koma kabatiyo inkalandira magetsi kuchokera mbali ziwiri. Mbali inayo inali ya mabatire amene anali m'chipinda china, kuseri kwa khoma.

"Pachitseko pake panalembedwa," anatero kapitawo. "Zilembo zofiira, zazikulu. Zimitsani mbali zonse ziwiri. Ine ndinamva kuphulika ndili pamasitepe."

Madokotala anayesetsa. Patapita masiku anachotsa chala chachikulu ndi ziwiri zotsatira. Zotsalazo zinauma, zopindika ngati mbedza.

A kampani anaitanitsa msonkhano. Mzime anaperekeza amayi ake, ndipo kukoleji kunachokera Abwerezani. Anakhala m'chipinda chozizira, cha tebulo lalitali lonyezimira. Bwana wa kampaniyo analankhula mofatsa, mwaulemu, ngati munthu wopepesa maliro. Kenako anatulutsa satifiketi ija mufayilo n'kuiika patebulo.

"Mayi, ife sitilola wophunzira kuyandikira makina popanda ichi. Mwana wanu anakhoza pafupifupi zonse. Munthu wodziwa Chingerezi chotere sitinganene kuti sanamve chenjezo. Analiona, koma anachita changu. Zachipatala tithandiza, poti ndife anthu. Koma mlandu kampani ilibe."

Amayi anatembenukira kwa Mzime kuti awathandize kuyankha, poti ndiye wodziwa kulankhula. Mzime anangoti maso patebulo.

Potuluka, Abwerezani anayenda naye limodzi mpaka pageti. Atafika pamenepo anati, "Funso la makina a mbali ziwiri linalimo m'mayeso aja. Ndinaliika ndekha. Achimwene ako analikhoza."

Anamuyang'ana. Sanali maso aukali, anali maso a munthu amene wagona ndi funso masiku ambiri ndipo yankho lake akuliopa. Abwerezani anadikira pang'ono, n'kukoka chikwama chawo paphewa, n'kuwoloka msewu.

Madzulo a tsiku lomwelo Mzime anapita kuchipatala yekha. Anawapeza achimwene akulimbana ndi supuni ndi dzanja lamanzere, tiyi atatayikira pamalaya.

"Achimwene, ndikukanena."

"Ukanene chiyani?"

"Kuti mayeso aja ndinalemba ndine. Akadziwa kuti simunkamva bwino Chingerezi, ndiye kuti kapitawo sankayenera kukusiyani nokha."

"Ukanena, zala zimera?"

"Koma akuti munachita dala, achimwene. Akuti ndinu wosasamala."

"Atero, atopa." Anaika supuni pansi. "Tamvera, iwe. Ukatsegula pakamwa, akuchotsa sukulu. Ine ndatha kale. Ukufuna amayi akhale ndi ana awiri ongokhala pakhonde kuwerenga magalimoto? Nkhani imeneyi ndinayambitsa ndine. Uisiye pomwepa."

Mzime analira mwakachetechete, kuopa odwala ena. Atapukuta misozi anafunsa chimene chinkamudya kuyambira tsiku la foni lija.

"Chikwangwanicho munachiwerenga?"

Achimwene anayang'ana kudenga.

"Ndinachiwerenga. Ndinaona mawu oti ngozi, ndinaona oti magetsi, ndinaona oti zimitsa. Ndiye ndinazimitsa. Ndinkayesa ndamva. Ndinkafuna kapitawo akamabwera apeze nditatsegula kale."

Mzime sanakanene. Anabwerera kukoleji, kumene anzake ankamupatsa njira pakhonde ngati namfedwa. M'kalasi ya Chingerezi Abwerezani anasiya kumuloza kuti awerenge. Anasinthanso kalembedwe ka mayeso: aliyense tsopano ankaima yekha pamaso pawo, kuwerenga chenjezo mokweza, n'kufotokoza m'chinenero chake zimene achite. Ophunzira anadandaula kuti mayiwa awonjeza nkhanza. Mzime yekha ndiye ankadziwa chifukwa.

Ndipo kutsogolo kunali mayeso omaliza a ku wekishopu, owotcherera pamaso pa mphunzitsi. Achimwene atatuluka m'chipatala anamukhazika patebulo lodyera lija, iwo n'kukhala pambali, dzanja lili pachifuwa.

"Tenthetsa mwendo wa chipangizocho, osati mtovu. Ayi! Wachedwa. Chotsa. Ukuona wapsereza?"

"Ndikuyesetsa, achimwene."

"Ukugwira ngati mpeni wosendera mbatata. Bweretsa kuno!"

Anatambasula dzanja lamanja mwachizolowezi kuti alande chowotcherera. Linaima m'malere, tizala tiwiri topindika tija tili panja. Onse analiyang'ana. Analibweza pang'onopang'ono, n'kudzuka kukakhala kuseri kwa nyumba. Mawa lake anabweranso patebulo, ndi mkuja womwe, koma sankakalipanso. Ankangoti, "Yambiranso," ndi mawu ozizira.

Mzime anakhoza mayesowo mopulumukira pakamwa pa ng'ona. Pa tsiku lolandira masatifiketi achimwene anati mutu ukuwapweteka, ndipo anatsala kunyumba. Patapita miyezi Mzime anapeza ntchito pakampani ina ya makompyuta, yoyankha mafoni a makasitomala. Tsiku lonse ankakhala ndi zomvera m'makutu, akuuza anthu osawaona m'Chingerezi chosalala kuti azimitse, adikire, ayatsenso. Mabwana ankamuyamikira. Benchi ya pakhonde la sitolo ija inatengedwa ndi munthu wina wogulitsa zikwama za mafoni.

Loweruka lina masana, Mzime akuchapa, kunabwera mayi wina wokalamba wa mumsewu womwewo, amene sanamve kapena anaiwala. Anali ndi kawailesi m'manja.

"Odi! A Mtovu alipo? Kangosiya kulankhula aka."

Amayi anathamangira pakhomo kuti amubweze mwaulemu, koma achimwene anali atamva kale.

"Bweretsani, mayi. Mudzabwere mawa."

Anakhala pampando wa pakhonde, n'kupana kawailesiko ndi mawondo. Ndi dzanja lamanzere analowetsa sikuludiraiva, ikuterereka, akubwezeranso, milomo italumidwa. Patapita nthawi kasikuluwu kamodzi kanamasuka. Kanagwa pasimenti, n'kugubuduka mpaka pafupi ndi beseni la Mzime.

Mzime anapukuta manja pachitenje, n'kuwerama.

"Usatole," anatero achimwene osamuyang'ana.

Mzime anaweramuka. Achimwene anaika kawailesi pampando, n'kugwada pasimenti, n'kuyamba kufufuza ndi dzanja lamanzere mbali imene kasikuluwuko sikanapite. Mzime ankakaona pomwe kanali, pafupi ndi chala chake cha kuphazi. Anaima pomwepo, thovu la sopo likuuma m'mikono, osawalozera.